Ku nzimbe kudatuluka akatswiri, nanga ku tiyi?

Munthu akamadutsa m'midzi yoyandikana ndi maesiteti a tiyi ku Thyolo nyengo ya mango, salephera kuona anyamata akugenda zipatso zomwe zili kunsonga kwenikweni kwa mtengo, ndipo ena mwa iwo saphonya. Atsikana nawo akakhala pa fulaye amaponya mpira mwamphamvu moti amene ali pakati akachedwa kulewa amalira. Kuno zonsezi ndi masewera a ana basi. Koma kuli maiko ena kumene mkono wotere ndi chuma, ndipo anthu amachita kukwera ndege kukausaka.

Masewero ake ndi a baseball, omwe amatchuka ku America, ku Japan ndi m'maiko a kuzilumba za Caribbean. M'dziko muno ambiri amangowaona pa kanema, koma osaka luso la masewerowa adafika kale mu Africa. Mu January 2022 timu ya Los Angeles Dodgers idasainitsa anyamata awiri a ku Uganda, Ben Serunkuma ndi Umar Male, ndipo mu 2023 timu ya Pittsburgh Pirates idatenga mnyamata wina woponya mpira wa m'dziko lomwelo, David Matoma. Ku South Africa, Gift Ngoepe, yemwe mayi ake ankagwira ntchito pa kalabu ya baseball ku Randburg, adalowa mu ligi yaikulu ya ku America mu 2017, ndipo Tayler Scott wa ku Johannesburg adaponya mpira mu ligi yomweyo mu 2019.

Chomwe chikuchititsa kuti nkhaniyi ikhudze Thyolo nchakuti tauni yomwe imadziwika kwambiri padziko lonse potulutsa akatswiri a masewerowa si mzinda wa anthu olemera ayi. Ndi tauni ya maesiteti. Dzina lake ndi San Pedro de Macorís, m'dziko la Dominican Republic, ndipo mbewu yake ndi nzimbe. Kumeneko nkomwe kudabadwira Joaquín Andújar, woponya mpira yemwe moyo wake ukuonetsa zokoma ndi zowawa za njira imeneyi.

Masewero ake amayenda bwanji?

Timu iliyonse imakhala ndi osewera 9 m'bwalo. Woponya amaima pakamtunda kakang'ono pakati pa bwalo ndi kuponya kampira kolimba, kokwana m'dzanja, kwa mdani yemwe wagwira chibonga pamtunda wa mamita 18 ndi theka. Akatswiri amaponya kampirako pa liwiro lofika makilomita 150 pa ola, kuposa minibasi iliyonse ya pamsewu wa Limbe ndi Mulanje, ndipo amatha kukapotoza kuti kakhote kapena kugwa kali pafupi kufika. Womenya akaphonya katatu watuluka. Akamenya bwino amathamanga kuzungulira malo anayi kuti apeze chigoli.

Timu za mu ligi yaikulu zimasewera magemu 162 pachaka, ndipo woponya woyamba amalowa pafupifupi kamodzi pa magemu asanu aliwonse chifukwa mkono umafunika kupuma. Timu ikapambana iye atachita bwino, chipambanocho chimalembedwa pa dzina lake. Wofika pa zipambano 20 chaka chimodzi amatengedwa kuti ndi dolo weniweni.

Tauni ya fakitale za shuga

Mbiri ya San Pedro de Macorís munthu wa ku Thyolo angaimve ngati yakwawo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, eni chuma adatsegula minda ikuluikulu ya nzimbe ndi mafakitale a shuga monga Consuelo, Porvenir, Santa Fe, Angelina ndi Quisqueya. Anthu a ku Cuba omwe ankathawa nkhondo kwawo ndiwo adabweretsa luso lamakono lopangira shuga, komanso masewero a baseball. Antchito atachepa, maesitetiwo adayamba kutenga anthu akuda kuchokera kuzilumba zomwe zinkalamulidwa ndi Angerezi monga St Kitts, Nevis, Anguilla ndi Tortola. Alendowa ankanyozedwa, ankakhala m'makomboni a kampani, koma adabwera ndi masewero a cricket, omwenso ndi oponya ndi kumenya kampira. Ana awo adangosintha chibonga nkulowa baseball. Nchifukwa chake akatswiri ena a m'tauniyi, m'dziko lolankhula Chisipanishi, ali ndi maina a Chingerezi: Rico Carty, George Bell, Alfredo Griffin.

Ku Thyolo nako tiyi adadzalidwa koyamba cha m'ma 1908, patapita zaka zingapo chiyambireni ku Mulanje, ndipo esiteti ya Satemwa idatsegulidwa mu 1923. Manja ambiri omwe adalima minda imeneyi adali a Alomwe omwe ankaoloka malire kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, nkudzagwera mu thangata. Kufanana kwina ndi kwa nyengo. Tiyi amachuluka nthawi ya dzinja, ndipo mvula ikatha antchito ambiri aganyu amaimitsidwa. Ku San Pedro nako fakitale zinkagaya nzimbe pafupifupi theka la chaka, miyezi yotsalayo anthu nkumangokhala, moti nyengoyo adaipatsa dzina loti nthawi yakufa.

Kusiyana kudali pa zomwe zinkachitika m'nthawi yakufayo. Fakitale iliyonse idali ndi timu yake ndi bwalo lake, ndipo zinkapikisana kwambiri. Akuluakulu a kampani sankachita izi chifukwa cha chifundo chokha. Ankafuna kuti antchito asabalalike komanso asamaganize za sitalaka, ndipo wosewera bwino ankapatsidwa ntchito yopepuka kuti asathawire ku fakitale ina. Ngakhale zolinga zidali zotero, zotsatira zake nzakuti mwana wa wodula nzimbe ankakula akuona bwalo, timu ndi akuluakulu odziwa masewero pafupi ndi khomo la kwawo. Pamwamba pa timu za m'mafakitalezo padali timu ya tauni yonse, Estrellas Orientales, yomwe idakhazikitsidwa mu 1910 ndipo ilipo mpaka lero. Makwerero adalipo, kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Kukwera kwa Andújar

Joaquín Andújar adabadwira m'tauni imeneyi pa 21 December 1952. Timu ya Cincinnati Reds idamusainitsa mu 1969 asanakwanitse zaka 17. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa kuwerenga: kusainitsidwa si kufika. Andújar adatha zaka zisanu ndi chimodzi m'maligi aang'ono, akuyenda maulendo ataliatali a pabasi m'matauni a ku America, malipiro ali ochepa, chinenero chili chachilendo. A Reds sadamupatse mpata ngakhale umodzi mu ligi yaikulu. Kumapeto kwa 1975 adamutumiza ku Houston Astros, ndipo kumeneko nkomwe adayamba kuonekera mu 1976.

Ku Houston luso lake lidaoneka moti adasankhidwa kawiri, mu 1977 ndi mu 1979, m'gulu la osewera opambana a ligi yonse. Koma samakhazikika. Nthawi zina ankayamba gemu, nthawi zina ankangodikira pabenchi kuti alowe ena akatopa, ndipo atolankhani ankakonda kulemba za mtima wake wapachala kusiyana ndi za mkono wake. Mu June 1981 a Astros adamusinthanitsa ndi wosewera wina, Tony Scott, ndipo iye adapita ku St. Louis Cardinals.

Mkono udali womwewo, koma mphunzitsi adasintha. Whitey Herzog wa Cardinals adamupatsa malo okhazikika ndi kumukhulupirira. Mu 1982 Andújar adapambana magemu 15, ndipo timuyo idafika mu World Series, ndime yomaliza yolimbirana ukatswiri, komwe idakumana ndi Milwaukee Brewers. M'ndimeyi timu yoyamba kupambana magemu anayi mwa asanu ndi awiri ndiyo imatenga chikho. Pa gemu yachitatu Andújar adali atatsekeratu adani osapeza chigoli, pomwe mpira womenyedwa ndi Ted Simmons udamuomba mwendo pafupi ndi bondo mpaka adachita kumunyamula. Ambiri adati basi zake zathera pomwepo. Patangotha masiku asanu adabwerera pa gemu yachisanu ndi chiwiri, yomwe idali yotsiriza, ndipo a Cardinals adapambana 6-3 nkutenga chikho chomwe adali atachisowa kuyambira mu 1967.

Zaka za 1984 ndi 1985 ndizo zidali zake zenizeni. Mu 1984 adapambana magemu 20, kuposa woponya wina aliyense mu ligi yake, ndipo mu 1985 adapambana 21. Ankadzitchula yekha kuti ndi mwamuna wolimba wa ku Dominican, ndipo ankati liwu la Chingerezi lomwe amalikonda kwambiri ndi lotanthauza kuti sungadziwiretu. Anthu ankaseka poona kuti si liwu limodzi koma atatu, osadziwa kuti mawuwo adzamukwanira mwini wake.

Usiku umodzi wa mu October

Mu October 1985 a Cardinals adafikanso mu World Series, ulendo uno ndi Kansas City Royals. Pa gemu yachisanu ndi chimodzi woimbira Don Denkinger adalakwitsa chigamulo chomwe chidathandiza a Royals kupulumuka, ndipo zithunzi za kanema zidaonetsa poyera kuti adalakwitsadi. Mawa lake, pa gemu yotsiriza, Denkinger yemweyo ndiye adali kuweruza mipira ya oponya. A Cardinals adali atagonja kale ndi zigoli zambiri pomwe Andújar adalowetsedwa. Sipadatenge nthawi, adayamba kukangana ndi woimbirayo. Mphunzitsi Herzog adatulutsidwa, kenako Andújar naye adatulutsidwa, ndipo anzake adachita kumugwira kuti asafike pa Denkinger, anthu mamiliyoni akuonera pa kanema. A Royals adapambana 11-0.

Kunena zoona, mkwiyo wa timu yonse udali ndi chifukwa chake. Koma yemwe adalipira mtengo waukulu ndi mlendo. Mu December chaka chomwecho, munthu yemwe adapambanira timuyo magemu 41 m'zaka ziwiri adatumizidwa ku Oakland. Kumayambiriro kwa 1986 dzina lake lidalinso pa osewera asanu ndi awiri omwe mkulu wa ligi, Peter Ueberroth, adawalanga pa nkhani ya mankhwala ozunguza bongo yomwe idatulukira m'khoti ku Pittsburgh. Kuti asaimitsidwe chaka chonse adayenera kupereka gawo limodzi mwa magawo khumi a malipiro awo ndi kugwira ntchito zothandiza anthu.

Ku Oakland adapambana magemu 12 mu 1986, kenako thupi lidayamba kukana. Adamaliza ku Houston mu 1988 ali ndi zaka 35, atapambana magemu 127 ndi kugonja 118 m'zaka 13. Adabwerera kwawo ku San Pedro de Macorís komwe ankathandiza ana osewera baseball, ndipo adamwalira komweko pa 8 September 2015 ndi matenda a shuga, ali ndi zaka 62.

Pa zaka 35 kapitawo wa pa esiteti amakhala atangoyamba kumene kulemekezedwa. Woponya mpira amakhala watha. Ambiri safika nkomwe pamenepo chifukwa chigongono cha munthu sichidalengedwe kuti chiziponya motero. Opaleshoni yosoka mtsempha wa m'chigongono, yomwe Dr Frank Jobe adaichita koyamba mu 1974 pa woponya wotchedwa Tommy John, lero ikuchitidwa ngakhale pa anyamata omwe sanamalize sekondale.

Omwe sawerengedwa

Kutchuka kwa Andújar ndi anzake monga George Bell, Tony Fernández, ndipo kenako Sammy Sosa yemwe ali mwana ankapukuta nsapato m'misewu ya tauniyi, kudasintha zinthu. Timu za ku America zidaona kuti m'dzikolo luso nlotchipa. A Dodgers adatsegula malo awo ophunzitsira a Campo Las Palmas mu 1987, ndipo lero timu zonse 30 za mu ligi yaikulu zili ndi malo otere ku Dominican Republic. Pa nthawi yomweyo shuga adayamba kulowa pansi. Mafakitale a boma adabwerekedwa kwa amalonda mu 1999 ndipo angapo adatsekedwa. Tauni yomwe inkagulitsa shuga kunja idayamba kudalira kugulitsa ana ake aamuna.

Malamulo amalola timu kusainitsa mnyamata akakwanitsa zaka 16. Izi zidabala gulu la anthu apakati, omwe amatenga ana a zaka 12 kapena 13, kuwadyetsa ndi kuwaphunzitsa, kenako nkudzadula gawo lalikulu la ndalama zomwe mwanayo alandire posaina. Ena mwa anthuwa ndi aphunzitsi okhulupirika omwe amagwira ntchito imene kale inkagwiridwa ndi timu za m'mafakitale. Ena ndi mavenda a anthu. Ana ambiri amasiya sukulu, ena amapatsidwa mankhwala okulitsa thupi, ndipo kubera zaka, matenda omwe mpira wa miyendo wa mu Africa ukuwadziwa bwino, nako kudamera mizu. Mu 2006 timu ya Washington Nationals idapereka madola 1.4 miliyoni kwa mnyamata yemwe ankati ndi Esmailyn González wa zaka 16. Mu 2009 zidadziwika kuti dzinalo silidali lake ndipo adali wamkulu ndi zaka zinayi. Zokambirana za eni timu ndi bungwe la osewera zofuna kusintha kasainitsidwe ka anyamata akunja zidalephereka mu 2022.

Mwa anyamata omwe amasainitsidwa, ochepa kwambiri ndiwo amapondako mu ligi yaikulu. Otsalawo amabwezedwa ali ndi zaka 19 kapena 20, opanda satifiketi, opanda luso lina lililonse. Mkono ukalephera, mwana amabwerera m'manja mwa makolo omwewo amene adamulola kusiya sukulu. Banja lililonse lomwe lingadzalandire mlendo wonena kuti waona luso mwa mwana wawo, kaya ndi la baseball, mpira wa miyendo kapena wa manja, liyenera kufunsa za sukulu ndi za pangano lolembedwa lisanafunse za ndalama.

Zidachitikapo kuno

Nkhani ya kampani yobala akatswiri si yachilendo kuno kumwera kwa Africa. Ku Zambia migodi ya mkuwa ndiyo idalera timu monga Mufulira Wanderers, Nkana ndi Nchanga Rangers, ndipo Kalusha Bwalya, yemwe adasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Africa mu 1988, adakulira ku Mufulira. Migodi itagulitsidwa cha m'ma 2000, timu zina zidavutika kwambiri, chimodzimodzi zomwe zidachitika ku San Pedro shuga atagwa.

M'dziko muno chitsanzo chili ku nzimbe komweko. Ku Nchalo kudali timu ya Sucoma ndipo ku Dwangwa kudali Dwasco, zonse zoleredwa ndi makampani a shuga. Ku Dwasco nkomwe kudachokera Esau Kanyenda, yemwe adapita ku Jomo Cosmos ya ku South Africa, kenako ku Rostov ndi Lokomotiv Moscow ku Russia, ndipo adali m'gulu la Flames lomwe Kinnah Phiri adapita nalo ku Angola mu 2010, komwe Malawi idathidzimula Algeria 3-0. Pakadapanda bwalo ndi timu ya kampani ku Dwangwa, nkovuta kuona kuti Jomo Sono akadamupeza bwanji.

Nanga ku tiyi? Boma la Thyolo lidapezeka ndi anthu oposa 700,000 pa kalembera wa mu 2018, ambiri mwa iwo achinyamata. Komabe dzina la timu ya m'bomali lomwe ambiri amalikumbukira mu Super League ndi Bvumbwe Research, ya pamalo a boma ochitira kafukufuku wa zaulimi, osati ya esiteti ya tiyi. Si kuti masewero ndi achilendo m'maesiteti. Thyolo Sports Club ndi bwalo lake la gofu ndi zakalekale, koma zidamangidwira mabwana, ndipo mwana wa wothyola tiyi ngati ankalowako nkuti akunyamula thumba la ndodo za gofu.

Eni maesiteti ali ndi poyankhira. Mitengo ya tiyi pa okushoni ya ku Limbe imakwera ndi kutsika, fetereza ndi magetsi nzodula, ndipo makampani ena amathandiza kale sukulu ndi zipatala za m'madera awo. Antchito nawo anganene kuti chofunika choyamba ndi malipiro okwanira kudyetsa banja, nkhani yomwe idachititsa kuti makampani, ogula tiyi akunja ndi mabungwe akhazikitse pologalamu ya Malawi Tea 2020 mu 2015. Zoonadi, bwalo la mpira silingalowe m'malo mwa malipiro, ndipo kampani yomwe ingagule yunifomu pofuna kutseka pakamwa antchito ikhala ikubwereza nzeru za eni shuga akale.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe esiteti ili nacho chimene mudzi wa ku Thyolo ulibe: malo. M'boma lomwe mabanja ambiri amalima kachigawo kosakwana ekala imodzi, ndipo mikangano ya malo pakati pa midzi ndi maesiteti ndi yosatha, palibe nyakwawa yomwe ingapatule dimba la munthu kuti likhale bwalo. Malo athyathyathya, thalakitala yotchetchera udzu ndi lole yonyamula timu Loweruka zili kale m'manja mwa makampani. Chomwe chidapanga San Pedro si bwalo limodzi lokongola koma mpikisano wokhazikika, chaka ndi chaka, pakati pa fakitale ndi fakitale. Ku Thyolo ndi ku Mulanje maesiteti ali moyandikana, ndipo ali kale ndi bungwe lowasonkhanitsa la Tea Association of Malawi. Ligi yotere ikadamangiriridwa ku sukulu, kuti wosewera ndi yekhayo amene akupezeka m'kalasi, ikadapewa dzenje lomwe ana a ku Dominican akugweramo. Ku Uganda malo omwe a Dodgers akuphunzitsirako anyamata ku Mpigi adayambira pa sukulu.

Mbali yomaliza ndi ya ukalamba. Osewera ngati Andújar adapeza bungwe la osewera lamphamvu lomwe Marvin Miller adalitsogolera kuyambira mu 1966 mpaka 1982. Chifukwa cha bungwelo, kuyambira mu 1980 wosewera yemwe wakhala masiku 43 okha mu ligi yaikulu amayamba kukhala ndi gawo pa penshoni, ndipo wokwanitsa zaka khumi amalandira yonse. Andújar adasewera zaka 13. Kuno lamulo lokakamiza olemba ntchito kusonkhera antchito awo penshoni lidayamba kugwira ntchito mu 2011, koma osewera ambiri omwe adasangalatsa anthu pa Kamuzu Stadium m'zaka za m'ma 1980, nthawi yomwe Andújar ankaponya ku St. Louis, adapachika nsapato lamulolo lisanabwere, ndipo nkhani za ena mwa iwo zimamveka pokhapokha achibale akamapempha thandizo la kuchipatala.